KODI MAKINA ANGADZIWE KUTI UBONGO WALEMA?

Sabata ino tikambirana za kulema kumene sikuoneka ndi maso. Masiku apitawa kunabwera bambo wina ku cipatala, mlonda wa pa sitolo ina m'tauni, wodandaula mutu ndi kuiwala-iwala. Anati, "A dokota, ine sindinyamula matumba, sindigwira khasu, ndimangokhala pa mpando usiku wonse ndi toci m'manja. Nanga bwanji m'mawa ndimakhala wolema monga ndalima munda wonse?" Tinawapima malungo, magazi, shuga ndi BP, zonse zinali bwino. Ndinawauza kuti, "Atate, nchito yanu ndi yolemetsa, kungoti amene amanyamula katundu wake ndi ubongo."

Mau amenewo sanali ongowatonthoza ai. Pali makina amene amatha kuonetsa pamene ubongo uli cheru, pamene wasenza zambiri ndi pamene wayamba kugonja, ndipo zimene akatswiri apeza ndi makinawo zikhudza madalaiva a minibasi, alonda, anamwino, amai otunga pa makina ndi ana athu a sukulu.

MAGETSI A M'MUTU

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupi-fupi kilo imodzi ndi theka, ndiye kuti magawo 2 okha pa 100 a thupi lonse, koma umadya magawo 20 pa 100 a mphamvu imene thupi limagwiritsa nchito munthu ali cikhalire. Muli timaselo pafupi-fupi 86 biliyoni timene timatumizirana mauthenga ndi kamphamvu ka magetsi. Timaselo tambiri-mbiri tikamagwira nchito pa nthawi imodzi, kamphamvu kao kamafika mpaka pa khungu la pamutu. Ndi kocepa zedi. Batiri imodzi ya toci imakaposa nthawi 15,000 kapena kupitirira apo, kotero musaope kuti mungagwidwe shoko pogwira mutu wa mnzanu.

Woyamba kujambula magetsi amenewa pa munthu anali dokota wa matenda a maganizo wa ku Germany, dzina lake Hans Berger, wa mu mzinda wa Jena. Anayamba mu 1924 nafalitsa zimene anapeza mu 1929. Anzake ambiri sanamukhulupirire kufikira mu 1934 pamene Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge anabwereza nchito yake napeza zofanana. Kupima kumeneku ndiko kumachedwa EEG. Amamata tizitsulo tokwana ngati 20 pamutu, tolumikizidwa ndi timawaya ku makina, ndipo makinawo amalemba mizera yokwera ndi kutsika ngati mafunde a pa madzi. Kale ankalemba ndi inki pa pepala lalitali, lero mizera imaoneka pa kompyuta. Makinawa salowetsa magetsi m'mutu, amangomvetsera amene alimo kale.

Mafundewa anapatsidwa maina kulingana ndi liwiro lake. Munthu akakhala phee atatseka maso koma ali maso, kumbuyo kwa mutu kumaoneka mafunde a alpha amene amagunda ka 8 kufika ka 13 pa sekondi. Berger yemweyo anaona kuti munthu akatsegula maso kapena akayamba kuwerengera samu m'mutu, mafunde a alpha amazimirira. Pamenepo pamabwera ang'ono-ang'ono othamanga, a beta, oposa 13 pa sekondi. Pali a theta, 4 kufika 7 pa sekondi, ndi a delta, osafika 4, amene amadzaza ubongo mu tulo tofa nato.

KOLOKO YA MACKWORTH

Nkhani ya mlonda wathu inafufuzidwa kale pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Asilikali a ndeke a ku Britain anadabwa kuti anyamata oyang'ana pa galasi la radar, ofuna-funa sitima za adani zoyenda pansi pa madzi, anali kuphonya zizindikiro ngakhale kuti anali ophunzitsidwa bwino ndipo moyo wao womwe unali pa ngozi. Anaitana katswiri wina, Norman Mackworth, kuti aone cimene cinali kulakwika.

Iye anapanga koloko yopanda manambala, ya muvi umodzi wodumpha kamodzi pa sekondi. Mwa kamodzi-kamodzi, ka 12 pa theka la ola, muviwo unali kudumpha mtunda wowirikiza kawiri, ndipo munthu woyesedwa anali kufunika kudina batani akaona zimenezo. Anali kukhala yekha m'kacipinda maola 2. Zimene anafalitsa mu 1948 zinaonetsa kuti pakangopita mphindi 30 zoyamba, kuphonya kunali kuculuka moonekeratu, ndipo kunali kupitiriza kuipa pang'ono-pang'ono. Anthuwo sanagone, maso anali pa koloko, koma ubongo unali kuleka kuona.

Taganizani bwino pamenepa. Mphindi 30 zokha! Alonda ambiri m'matauni athu amagwira maola 12, ndipo akaba mbava pa 4 koloko m'bandakuca bwana amafulumira kunena kuti mlonda anagwirizana nazo. Nthawi zina zimakhala zoona. Koma nchito yodikira cinthu cimene sicibwera kawiri-kawiri ndi imodzi mwa nchito zimene ubongo wa munthu umalephera msanga, ngakhale munthuyo akhale wokhulupirika cotani.

Mackworth analibe njira yoonera m'kati mwa mutu pamene munthu anali kuphonya. Amene anadza pambuyo pake anamata tizitsulo ta EEG pa anthu ocita nchito zotere, ndipo anaona kuti munthu akayamba kutaya cheru, mafunde othamanga amacepa, a alpha amaoneka ngakhale maso ali otsegula, kenako a theta amayamba kulowerera. Mu 1987 ofufuza a ku Sweden, Torsvall ndi Åkerstedt, anamangirira makina ang'ono a EEG pa oyendetsa sitima za pa njanji ali pa nchito. Pa ulendo wa usiku mafunde a kusinza anali kuculuka pamene usiku unali kupita, ndipo ena mwa iwo anali kulowa m'tulo kwa kanthawi sitima iri pa liwiro.

Tulo tamtundu umenewu timatenga masekondi owerengeka cabe, ndipo nthawi zambiri mwini wake amakana kuti anagona. Tiyeni tiwerengere. Basi yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28 pa sekondi iri yonse. Dalaiva akasinza masekondi 4, basi yayenda mamita oposa 110 yopanda woiyendetsa, kuposa utali wa bwalo la mpira. Amene munayendapo pa Great East Road, makilomita oposa 550 kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata, mudziwa makona a ku Manenekela, ndipo mudziwa kuti pamenepo mamita 110 ndi ambiri. Mu 2016 boma linaika lamulo loletsa mabasi kuyenda kuyambira 21 koloko usiku kufika 5 koloko m'mawa kaamba ka ngozi za usiku, ndipo maola a m'bandakuca ndiwo amenenso makina a EEG amaonetsa ubongo uli wofooka koposa.

PAMENE KATUNDU WACULUKA

Ubongo umalephera njira ziwiri. Yoyamba ndi imene tafotokozayi, pamene nchito iri yogwetsa ulesi. Yaciwiri ndi pamene zocita zaculuka kuposa zimene mutu ungasunge nthawi imodzi, monga kondakitala wowerengera cenji ya anthu 5 uku akuitanira ena, kapena namwino mmodzi pa wodi yodzaza.

M'zaka za m'ma 1990, Alan Gevins ndi anzake ku San Francisco anali kupatsa anthu nchito yoyang'ana zilembo zobwera cimodzi-cimodzi pa kompyuta. Munthu anali kufunika kunena ngati cilembo cimene cabwera ciri cofanana ndi capita kumene, kapena ca kawiri m'mbuyo, kapena ca katatu m'mbuyo. Yesani ndi mwana wanu pogwiritsa nchito makadi, mudzaona kuti katatu m'mbuyo kamatulutsa thukuta. Nchito ikamalimba, mafunde a theta a pakati pa mutu ca kutsogolo anali kukwera, ndipo a alpha a ca kumbuyo anali kutsika. Apa pafunika kusamala, cifukwa theta yemweyo amaonekanso pa kusinza. Cimene cimasiyanitsa ndi malo amene waonekera ndi zimene mafunde ena akucita pa nthawiyo, ndiye cifukwa cake kuwerenga EEG kumafuna munthu wophunzira.

Njira imene ine ndimaiona yocenjera kuposa zonse ndi ya kafunde kochedwa P300, kamene Samuel Sutton ndi anzake anakafotokoza mu 1965. Munthu amavala zomvera m'makutu namamva kulira kofanana, pii, pii, pii, ndipo mwa kamodzi-kamodzi kumabwera kulira kosiyana. Pakapita gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, pa EEG pamatumphuka kafunde koonetsa kuti ubongo wazindikira cacilendo. Ofufuza a pa University of Illinois anapeza kuti munthu akatanganidwa ndi nchito ina yolimba, kafundeka kamacepa. Ciri ngati malipiro a pa mwezi. Lendi ndi unga zikadya zambiri, zotsalira za zinthu zadzidzidzi zimacepa, ndipo kukula kwa P300 kumaonetsa cenji imene yatsala m'mutu. Dalaiva amene akukangana pa foni amayang'ana mseu ndithu, koma cenji yoonera mwana wothamangira mpira imakhala itacepa.

Mu 1995 Alan Pope ndi anzake a ku NASA anapita patsogolo. Anatenga mphamvu ya mafunde a beta naigawa ndi ya alpha ndi theta pamodzi, kuti apeze nambala imodzi yosonyeza mmene munthu waikira maganizo pa nchito. Anailumikiza ku kompyuta yoyeserera nchito za woyendetsa ndeke. Nambala ikatsika, kompyuta inali kubwezera nchito m'manja mwa munthu kuti agalamuke, ndipo ikakwera, inali kumulandirako.

Palinso njira yosagwiritsa nchito magetsi. Ambiri mwa inu munaikidwapo kopanira cala ku kiliniki, kowala kofiira, kopima mpweya wa okosijeni m'magazi. Mu 1977 Frans Jöbsis anaonetsa kuti kuwala kwa mtundu wina kumene maso athu sakuona kumatha kupyola khungu ndi fupa la mutu. Mbali ya ubongo imene ikugwira nchito kwambiri imaitana magazi ambiri, ndipo lamba wa pa mphumi wokhala ndi timagetsi timeneti amatha kuona kusinthako. Njira imeneyi, yochedwa fNIRS, yayesedwa pa anthu olondolera ndeke pa mabwalo. Imacedwa masekondi angapo cifukwa magazi sathamanga monga magetsi, ndiponso imangoona pamwamba pa ubongo.

Nanga kulemako kweni-kweni n'ciani? Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumaunjikana mankhwala ochedwa adenosine amene amabweretsa tulo, ndipo khofi ndi tiyi zimangotseka malo amene mankhwalawo amagwira, osawacotsa. Mu 2022 ofufuza a ku Paris anapeza kuti anthu amene anacita nchito yolimba ya m'mutu kwa maola 6 anali ndi mankhwala ena, glutamate, oculuka kutsogolo kwa ubongo, ndipo pofika madzulo anali kusankha ndalama zocepa za pompo m'malo mwa zambiri zodikira. Kufufuza kumeneko kunali kwa anthu ocepa, komabe ine ndingakulangizeni kuti nkhani ya kaloba musamaigamule poweruka ku nchito.

ZIMENE MAKINAWA SANGACITE

Pa migodi ina ya ku Australia ndi maiko ena, oyendetsa zimagalimoto zonyamula miyala amavala cipewa ca SmartCap cokhala ndi tizitsulo ta EEG m'kati, cimene cimacenjeza dalaiva akayamba kusinza. Pamenepo ndiona nzeru, pakuti ndi moyo wa dalaiva umene ukutetezedwa. Koma mu 2019 sukulu ina ya pulaimale ku Jinhua m'dziko la China inaveka ana malamba a pamutu a kampani ya BrainCo, okhala ndi kagetsi kosintha mtundu kouza mphunzitsi amene akumvetsera ndi amene sakumvetsera. Anthu atadandaula kwambiri, zinaimitsidwa caka comweco. Dziko la Chile linasintha malamulo ake akulu mu 2021 kuti ateteze zimene zimatengedwa mu ubongo wa munthu.

Ine malamba otere sindingawavomereze pa mwana wanga. Magetsi a minofu ndi amphamvu kuposa a ubongo, kotero kuphethira, kutafuna ngakhale kukwinya nkhope kumasokoneza mizera. Mafunde a munthu wina amasiyana ndi a mnzake, ndipo a munthu mmodzi yemweyo amasiyana lero ndi mawa. M'cipinda cofufuzira amayamba ayesa munthu ali yense payekha kuti adziwe mafunde ake a masiku onse, pamene kalamba ka tizitsulo titatu kogulidwa pa sitolo sikacita zonsezo. Pali vuto linanso limene likhudza ife mwacindunji. Tizitsulo ta EEG tinapangidwa poganizira tsitsi loongoka, ndipo pa tsitsi lathu lopotana kapena loluka sitifika bwino pa khungu. Tsitsi lakuda ndi khungu lakuda zimamwanso kuwala kwa fNIRS. Akatswiri angoyamba kukonza zimenezi m'zaka zaposacedwa. Ndiponso dziwani kuti makinawa sawerenga maganizo. Angaonetse kuti mutu watanganidwa, koma ngati watanganidwa ndi samu kapena ndi ngongole ya pa kantemba, sangadziwe.

ZOTI TITENGEPO PA NYUMBA

Palibe wa ife amene adzagula makina a EEG, koma zimene apeza ndi zaulere. Cacikulu ndi cakuti munthu wolema sadziwa bwino kuti walema motani. Ndinaziona pa ine ndekha. Usiku wina ndiri pa kolo, ca m'ma 4 koloko m'bandakuca, ndinalembera mwana mankhwala pa mlingo wa munthu wamkulu. Ndinali kudzimva kuti ndiri bwino-bwino. Namwino anabweza khadi nati, "A dokota, taonaninso kulemera kwa mwanayu." Kuyambira tsiku limenelo, mlingo uli wonse wa mwana umene ndalemba usiku ndimapempha wina auwerengenso.

Mu 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anayerekeza kusagona ndi mowa. Anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amacedwa ndi kulakwitsa monga amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo pa maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Dalaiva wa minibasi amene anauka 5 koloko m'mawa amakwanitsa maola 17 pa 22 koloko usiku. Sanalawe Chibuku, koma manja ndi maso ake zikugwira nchito ngati walawa. Inu amai a pa nyumba amene amuna anu ndi madalaiva kapena alonda, tulo tao ta masana muziteteze monga mmene mumatetezera ndalama za lendi. Wailesi itsike, ana akasewerere kutali, alendo auzidwe kuti abwere madzulo. Munthu wamkulu afunika maola 7 kapena kuposa, mwana wa zaka 6 kufika 12 afunika maola 9 kufika 12, ndipo wa zaka 13 kufika 18 afunika 8 kufika 10.

Pa ulendo wautali imani maola 2 ali onse. Mukayamba kuyasamula kawiri-kawiri, zikope kulemera, kapena mukazindikira kuti simukukumbukira mudzi umene mwaupyola kumene, tulo tija ta masekondi tayamba kale. Kutsegula windo ndi kukweza nyimbo kumathandiza mphindi zocepa cabe. Paki pa malo abwino, imwani khofi kapena tiyi wamphamvu, gonani mphindi 15 kufika 20. Ndipo cenjerani ndi Piriton ndi mankhwala ena a cimfine ndi cifuwa, cifukwa amabweretsa tulo ngakhale mwamwa mlingo woyenera. Bambo wonenepa woliza mkonono kwambiri, amene amabanika m'tulo namadzuka ali wolema, abwere ku cipatala, pakuti limenelo ndi vuto lodziwika ndipo liri ndi thandizo.

Kwa alonda, ndinauza atate aja kuti asamakhale pa mpando kupitirira theka la ola, aziimirira ndi kuzungulira, ndipo ngati ali awiri azisinthana malo. Kwa ana olemba mayeso a Giredi 7 kapena 12, kuwerenga mphindi 30 kapena 40 ndi kupumula pang'ono kuposa kucezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, cifukwa zimene mwana wawerenga zimakhazikika mu ubongo pa nthawi ya tulo.

Mwana wosamvetsera m'kalasi musafulumire kumukwapula. Yambani mwafunsa ngati anadya m'mawa, ngati akumva ndi kuona bwino, ndipo mubwere naye timupime kucepa kwa magazi, njoka za m'mimba ndi likodzo. Palinso mtundu wina wa khunyu umene makolo ambiri saudziwa cifukwa mwana sagwa pansi ndipo satuluka thovu. Umayamba kawiri-kawiri pa zaka 4 kufika 10. Mwana amangoima pakati pa mau kapena pakati pa kudya, maso ali gwa, mwina zikope zikuphethira-phethira, kwa masekondi 10 kapena kuposa pang'ono, kenako amapitiriza ngati palibe cacitika. Mukamuitana kapena kumugwira pa nthawiyo sayankha, pamene mwana wongolota ali maso amadzidzimuka. Zingacitike kambiri-mbiri pa tsiku, ndipo ku sukulu amamunena kuti ndi waulesi. Apa EEG imathandiza zedi, cifukwa matendawa ali ndi cizindikiro cake-cake, mafunde osongoka ogunda katatu pa sekondi. Mankhwala alipo, ndipo ana ambiri amaleka akamakula.

Mukatumizidwa kukapimitsa EEG, monga ku UTH mu Lusaka, musacite mantha. Sikupweteka ndipo kumatenga ngati theka la ola, kupatula nthawi yomata tizitsulo. Dzulo lake sambitsani mutu ndi sopo, masulani zoluka ndi mawigi, ndipo musadzole mafuta ali onse m'tsitsi. Wodwala adye monga mwa masiku onse, ndipo apitirize kumwa mankhwala ake a khunyu pokha-pokha dokota atanena zina. Adzamuuza kutseka ndi kutsegula maso, kupuma mozama kwa mphindi 3, ndi kuyang'ana getsi lothwanima. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mwanayo pamene zamugwira ku nyumba ndipo mubwere nayo pamodzi ndi khadi lake la ku kiliniki.